Kodi Batire Limachokera Kuti, Nanga Likatha Limapita Kuti?

Amayi anzanga a kuno ku Bvumbwe ndi madera onse ozungulira, sabata ino tiyeni tikambirane za kanthu kamene kali m'nyumba ya wina aliyense wa ife, koma sitikhala pansi kukaganizira. Kanthu kameneka ndi batire.

Taganizani za tsiku la chiperoni, pamene nkhungu yakuta minda ya tiyi kuyambira m'mawa ndipo mdima wagwa nthawi isanakwane. Mayi amene wachokera kothyola tiyi ku esiteti, kapena kumsika kogulitsa kabichi ndi matimati, akafika pakhomo chinthu choyamba kufufuza ndi tochi. Akaiyatsa nkuona kuti ikungofiira, amatuma mwana kuti athamangire kuokala kukagula mabatire awiri. Akale aja amawaponya kuseri kwa nyumba, kapena kunkhuti, kapenanso amangowasiya pawindo mpaka mwana atawatola nkuyamba kuseweretsa. Tonsefe tidachitapo zimenezi, ndipo palibe amene adatiuza kuti pali cholakwika.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa chaka cha 2018 adapeza kuti nyumba zoposa theka m'Malawi muno zimadalira mabatire pounikira usiku, pamene zounikira ndi magetsi zidali pafupifupi 11 zokha pa nyumba 100 zilizonse. Ngakhale amene ali ndi magetsi adaphunzira kufunika kwa batire mu 2022, namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire. Dziko lidataya mphamvu ya magetsi ya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuthimathima kudafika pena paliponse.

Sitikunyoza batire ayi. Amene tidakulira pa koloboyi tikukumbukira mwaye wakuda m'mphuno za ana m'mawa, parafini wothera pakati pa homuweki, ndi nyumba zaudzu zimene zidapsa chifukwa cha nyale yosiyidwa ikuyaka. Batire lidatichotsera mavuto amenewa. Limatipatsa nkhani pa wailesi, limasunga mphamvu ya dzuwa kuti ana awerenge usiku, ndiponso ndilo limayendetsa foni imene timalandirira ndalama kuchokera kwa ana athu a ku Joni. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Kuwala kumeneku kuli ndi matope ake, ndipo ndi bwino kuti ife amayi, amene timagula mabatire, kuwagwiritsa ntchito ndi kusesa akatha, tiwadziwe matopewo.

Zimene zili m'kati mwake

Mabatire amene timakumana nawo pakhomo alipo a mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi khalidwe lake.

Woyamba ndi wa tochi ndi wailesi. Chikopa chake ndi kachitini ka zinki. M'kati muli ufa wakuda wa manganese, ndipo pakati penipeni pali kandodo kakuda kaja kamene ana amakonda kulembera pakhoma. Mphamvu imatuluka pamene mankhwala a m'katimo akudya zinki pang'onopang'ono. Nchifukwa chake batire lakale limafewa, kutupa ndi kuchucha zinthu zoyera ngati mchere zimene zimadya zitsulo za tochi. Kuliyanika padzuwa kapena kuliphwanya pang'ono ndi mwala kumangodzutsa mankhwala otsalira kwa kanthawi kochepa, koma zinki yodyekayo sibwereranso. Batire lotere limagwira ntchito kamodzi kokha, basi.

Wachiwiri ndi batire lolemera lija la galimoto, limene masiku ano ambiri talumikiza ku sola kuti tiyatse mababu ndi kuonera kanema. M'kati mwake muli mbale za mtovu zomizidwa mu asidi woopsa, ndipo kuposa theka la kulemera kwake ndi mtovu wokhawokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mtovu woposa zigawo zitatu mwa zinayi za mtovu wonse umene anthu amagwiritsa ntchito pa dziko lapansi umathera m'mabatire a mtundu umenewu.

Wachitatu ndi wa m'foni, m'kompyuta ndi m'tinyale tating'ono ta sola. Umenewu umatchedwa wa lithium, ndipo udayamba kugulitsidwa mu 1991 ndi kampani ya Sony ya ku Japan. Ndi wopepuka, umatchajidwa kambirimbiri, ndipo ndi umene ukuyendetsa galimoto zamagetsi m'maiko a anzathu. Kuno kwathu, malo opangira magetsi a dzuwa a ku Golomoti m'boma la Dedza, amene adayamba ntchito mu 2022, ali ndi mabatire akuluakulu a mtundu womwewu osungira mphamvu. Kuti batire lotere lipangidwe pamafunika lithium, graphite ndi mkuwa, ndipo mitundu yambiri imafunanso cobalt ndi nickel.

Zonsezi sizimera m'munda. Zimakumbidwa pansi, m'dera la anthu ena, pafupi ndi chitsime cha mayi wina ngati inu ndi ine.

Kumene zimakumbidwa

Tiyambe ndi cobalt. Pafupifupi zigawo 7 mwa 10 za cobalt yense wokumbidwa pa dziko lapansi zimachokera ku Democratic Republic of Congo, makamaka ku dera la Kolwezi, kufupi ndi malire a Zambia. Wambiri amakumbidwa ndi makampani akuluakulu, koma wina amakumbidwa ndi anthu wamba ndi mapiki ndi mafosholo, m'maenje akuya opanda zochirikizira. Mu 2016 bungwe la Amnesty International lidatulutsa lipoti losonyeza kuti ana, ena a zaka 7 zokha, ankatola ndi kusenza miyala ya cobalt, ndipo amayi ankaitsuka m'mitsinje ndi manja opanda chodzitetezera. Miyalayo inkagulitsidwa, kupita ku China, ndi kukathera m'mabatire a mafoni odziwika bwino.

Mtovu nawo uli ndi mbiri yake pafupi nafe pomwepa. Tauni ya Kabwe ku Zambia, imene kale inkatchedwa Broken Hill, idali ndi mgodi wa mtovu ndi zinki kwa zaka pafupifupi 90. Mgodiwo udatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake lidatsala m'dothi la m'makomboni oyandikana nawo. Ana obadwa zaka zambiri mgodi utatsekedwa kale apezeka ndi mtovu wochuluka zedi m'magazi mwawo, chifukwa chongosewera pabwalo la kwawo. Mtovu suola ngati chinangwa kapena masamba. Ukalowa m'dothi umadikira mwana wa mwana wanu.

Lithium wina amachokera ku chipululu cha Atacama ku Chile, kumene amapopa madzi amchere a pansi pa nthaka ndi kuwayanika m'maiwe akuluakulu kwa miyezi yambiri, m'dziko louma limene anthu ake amadandaula za madzi. Wina amakumbidwa m'miyala, monga ku Bikita ku Zimbabwe. Mu December 2022 boma la Zimbabwe lidaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonzedwa, pofuna kuti ntchito yoikonza ndi phindu lake zizitsala m'dzikomo.

Tsono graphite ndiye watifikitsa pakhomo. Graphite ndi chinthu chakuda chomwe chija chili m'kati mwa pensulo ya mwana wanu, ndipo pafupifupi batire lililonse la lithium limamufuna. Ku Mozambique, mgodi waukulu wa graphite udayamba ntchito ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado mu 2017. Kuno kwathu, kampani ya ku Australia yotchedwa Sovereign Metals idapeza graphite wambiri pamodzi ndi mchere wina wa m'nthaka wotchedwa rutile ku Kasiya m'boma la Lilongwe, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto idagula gawo m'kampaniyo. Chuma chimenechi chili pansi pa minda ya chimanga, fodya ndi mtedza ya anthu.

Ife a ku Thyolo tikudziwa

Mwina wina afunsa kuti za ku Kasiya zikutikhudza bwanji ife a ku Bvumbwe. Amayi, ngati pali anthu m'Malawi muno amene akudziwa tanthauzo la nthaka yobereka chuma chopita kunja, ndife. Tiyi wakhala akulimidwa m'boma lino kwa zaka zoposa 100. Agogo athu adaona nthawi ya thangata, pamene munthu ankalipira malo okhala ndi thukuta lake. Mpaka lero tiyi amapereka ntchito kwa anthu zikwizikwi ndi kubweretsa ndalama zakunja m'dziko, ndipo palibe amene angakane ubwino umenewu. Komabe tonse tikuona kuchepa kwa malo olima m'midzi yathu, ndipo tikudziwa kuti tiyi wambiri amachoka kuno m'matumba akuluakulu, nkukaikidwa m'mapaketi okongola kunja, kumene phindu lalikulu limatsalira.

Phunziro limeneli nlofunika kuligawana ndi anzathu a kumene kukubwera migodi. Malamulo a dziko lino amafuna kuti ntchito yaikulu ngati mgodi isanayambe pachitike kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndiponso kuti anthu a m'deralo afunsidwe maganizo. Lamulo losamalira chilengedwe la mu 2017 ndilo lidakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira zimenezi. Malamulo a migodi nawo amafuna kuti mgodi waukulu uchite pangano la chitukuko ndi anthu oyandikana nawo. Koma lamulo lolembedwa silidziyankhulira lokha pabwalo la mfumu. Kawirikawiri pa misonkhano yotere amuna amakhala pamipando kutsogolo, amayi nkukhala pansi kumbuyo, kuombera m'manja ndi kubwerera kunyumba.

Chonsecho mafunso enieni ali ndi mayi. Madzi otsukira miyala adzachokera mu mtsinje uti, nanga akadetsedwa adzatayidwa kuti? Chitsime chikauma, adzakumba china ndani? Fumbi lidzafika pa ufa woyanika pamkeka? Manda a makolo adzatani? M'midzi yambiri ya kuno ndi ya ku chigawo chapakati munda umatsata mayi, ndipo bambo ndi mkamwini. Nanga ndalama za chipukutamisozi zidzalembedwa m'dzina la yani? Ndipo mgodi ukadzatha, monga udathera wa ku Kabwe, adzakwirira maenje ndi kubwezeretsa nthaka ndani? Safunsa adadya phula. Ngati muli ndi achibale ku Kasiya kapena kwina kulikonse kumene anthu akuyeza nthaka, auzeni kuti nthawi yofunsa ndi pamene makasu akuluakulu asanafike.

Zimene zidaonekera amayi a ku Senegal

Tabwerani tsopano tione mbali ina ya ulendo wa batire, pamene latha mphamvu. Apa ndi pamene ngozi imayandikira kwambiri khomo lathu, makamaka pa batire lolemera lija la mtovu.

Ku Thiaroye-sur-Mer, kunja kwa mzinda wa Dakar ku Senegal, anthu adakhala akuswa mabatire akale a galimoto kwa zaka zambiri ndi kusungunula mtovu wake pamoto wa pabwalo. Zinyenyeswa zake zidasakanikirana ndi mchenga wa pamalopo. Mtengo wa mtovu utakwera, amayi a m'deralo adaona mpata wopezera ndalama zothandizira pabanja. Adayamba kukumba mchengawo, kuusenzera kunyumba m'matumba, ndi kuusefa kuti apatule mtovu wogulitsa. Ankagwira ntchitoyi ana ali pambali pawo, ena ali kumsana. Pakati pa November 2007 ndi March 2008, ana 18 aang'onoang'ono adamwalira atadwala matenda okomoka amene poyamba palibe adawazindikira. Akatswiri a WHO atafika adapeza kuti chidapha anawo ndi mtovu, ndipo abale awo otsala pamodzi ndi amayi awo adali nawonso wambiri m'magazi.

Amayi amenewa sadali osasamala. Adali amayi olimbikira ngati ife, ofunafuna ndiwo za tsiku limenelo, ndipo palibe adawachenjeza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mtovu ndi woopsa chifukwa sununkha, suwawa pakhungu, ndipo mwana akhoza kukhala nawo m'thupi osaonetsa chizindikiro chilichonse. A WHO amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo mwana ndiye amakwawa pansi ndi kuika zala m'kamwa. Mtovu umaononga ubongo umene ukukula, motero mwana amavutika kumva za m'kalasi, ndipo zimene zaonongekazo sizibwerera. Ukachuluka umadzetsa kupweteka kwa m'mimba, kudzimbidwa, kuchepa kwa magazi, kufooka, kukomoka, ngakhale imfa. Kwa ife amayi pali chinanso. Mtovu umabisala m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo mayi akakhala woyembekezera umatuluka m'mafupamo ndi kufika kwa mwana amene ali m'mimba. Mu 2020 bungwe la UNICEF pamodzi ndi la Pure Earth adalengeza kuti mwana mmodzi mwa ana atatu alionse pa dziko lapansi ali ndi mtovu wodetsa nkhawa m'magazi, ndipo adatchula kuswa mabatire mosasamala ngati chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu.

Mayi mmodzi wa ku Mombasa

Kuti musataye mtima, imvani za mayi wina wa ku Kenya, Phyllis Omido. Iye adalembedwa ntchito pa fakitale yosungunula mtovu wa m'mabatire akale, imene idamangidwa pafupi ndi nyumba za anthu ku Owino Uhuru mu mzinda wa Mombasa. Posakhalitsa mwana wake wakhanda adadwala kwambiri. Madokotala adayeza malungo ndi matenda ena osapeza kanthu, mpaka atayeza mtovu. Mwanayo adali ndi mtovu wambiri m'magazi, ndipo zidaoneka kuti udadzera mu mkaka wa m'mawere a mayi ake.

Mayi Omido adasiya ntchito ndi kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, kulimbikitsa makolo kuti ana awo ayezedwe. Adalemba makalata ku maofesi a boma, adatsogolera zionetsero, adaopsezedwa, ndipo mu 2012 adamangidwa. Koma mu 2014 fakitaleyo idatsekedwa, ndipo mu 2015 iye adalandira mphotho ya Goldman, imene imaperekedwa kwa anthu oteteza chilengedwe. Mu 2020 khoti lidagamula kuti anthu a ku Owino Uhuru apatsidwe chipukutamisozi cha mashilingi a ku Kenya 1.3 biliyoni, ndipo mlanduwo utayenda m'makhoti a apilo, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo lidagwirizana ndi chigamulocho mu December 2024. Zonsezi zidayamba ndi mayi mmodzi amene adafunsa chimene chikudwalitsa mwana wake ndipo sadaleke kufunsa.

Batire lopangidwa mwanzeru

Kodi tsono pali njira yopangira mabatire popanda kusiya misozi m'mbuyo? Njira zilipo, ndipo zina zayamba kale kutsatidwa.

Yoyamba ndi kuchepetsa zinthu zovuta. Mabatire ambiri a lithium a masiku ano, makamaka a sola zapanyumba, akupangidwa ndi chitsulo wamba ndi phosphate m'malo mwa cobalt. Amenewa amalembedwa kuti LFP kapena LiFePO4, sagwira moto msanga, ndipo amakhalitsa. Makampani ena ayambanso kupanga mabatire a sodium, amene amapezeka mu mchere womwewu wa m'ndiwo.

Yachiwiri ndi kupanga batire lokhalitsa. Batire limodzi logwira ntchito zaka zisanu limapulumutsa miyala, madzi ndi mafuta zimene zikadathera popanga mabatire asanu a chaka chimodzi chimodzi. Katundu wotchipa wosachedwa kufa amadya thumba la mayi ndi nthaka yomwe.

Yachitatu, imene ndi yaikulu, ndi kubweza. Mtovu ukhoza kusungunulidwa ndi kupangidwanso batire latsopano kambirimbiri osatha mphamvu. Ku America mabatire a mtovu pafupifupi 99 pa 100 alionse amabwerera ku fakitale, kumene amaswedwa m'nyumba zotsekedwa bwino, zokhala ndi makina ogwira utsi ndi fumbi, ndipo antchito amayezedwa magazi kawirikawiri. Choncho ntchito yobweza mtovu payokha ndi yabwino. Choopsa ndi kuigwirira pabwalo, ndi chikwanje ndi mbaula, ana akuonerera.

Yachinayi ndi kudziwa gwero. Mu 2023 maiko a European Union adakhazikitsa lamulo lofuna kuti makampani akuluakulu ogulitsa mabatire kumeneko azifufuza kumene cobalt, lithium, nickel ndi graphite wawo wachokera, azitolera mabatire akatha, ndiponso kuti m'tsogolo atsopano azikhala ndi gawo la zitsulo zochokera m'mabatire akale. Lamulolo lidaikanso kuti kuyambira mu 2027 mabatire akuluakulu azikhala ndi chiphaso chofotokoza mbiri yawo. Ngati graphite wa kwathu adzagulitsidwe kumeneko, mafunso a amayi a ku Kasiya adzakhala ndi kowafikitsa.

Zoyenera kuchita pakhomo

Zamalamulo ndi zamafakitale zili ndi eni ake, koma pali zambiri zimene zili m'manja mwathu lero lomwe.

Pa mabatire a tochi ndi wailesi, musawataye pamoto, chifukwa amaphulika ndipo utsi wake ndi woipa. Musawataye kunkhuti kumene mumatenga manyowa a kudimba, kapena pafupi ndi chitsime. Kumbukirani kuti ndiwo zamasamba za kuno ku Bvumbwe zimadyedwa mpaka ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo dothi la m'dimba ndilo chuma chathu. Pezani chigubu chouma chokhala ndi chitsekerero, muziponyamo mabatire otha, ndi kuchiika pamwamba posafika ana. Chizolowezi chija choswa mabatire ndi kutenga ufa wakuda kuti tizirire pansi kapena kudetsera bolodi tichisiye, popeza pansi pomwepo ndi pamene mwana amakwawa, ndipo fumbi la manganese silifunika m'mapapo kapena m'kamwa mwa munthu.

Werengerani ndalama zimene mumaononga pa mabatire a tochi kuyambira Januwale mpaka Disembala. Ambiri mudzapeza kuti zikadakwana kugula kanyale ka sola kabwino. Ngati simungathe kugula nthawi imodzi, nkhaniyi ipititseni ku banki m'khonde, mugule mosinthana. Pogula funsani lisiti ndi chitsimikizo cholembedwa chakuti katunduyo akafa msanga adzakusinthirani, ndipo funsaninso ngati wogulitsayo amalandira batire lake likatha.

Pa batire la sola la mtovu, liikeni pamalo opita mphepo, kutali ndi moto ndiponso kutali ndi pogona ana, chifukwa likamatchajidwa limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka. Musalikamule mpaka kutheratu usiku uliwonse, pakuti kutero kumalifupikitsira moyo. Ngati ndi la mtundu wothira madzi, thiranimo madzi a batire okha ogula kusitolo, osati a pachitsime kapena pamjigo. Likafa, musalole munthu aliyense, ngakhale bambo a kunyumba kapena mnyamata wodziwa zamagetsi, kuti alitsegule, kukhuthula asidi pansi kapena kusungunula mtovu pakhomo panu. Libwezeni lathunthu, ndi asidi wake yemwe, kwa ogulitsa mabatire, ndipo ambiri amachotserako mtengo pa latsopano. Akabwera ogula zitsulo zakutha, afunseni kumene akupita nalo. Chikho cha batire musachisandutse chomwera nkhuku kapena chosungira madzi. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali ndi kuthamangira kuchipatala.

Ngati bambo kapena mwana wanu amagwira ntchito yokonza mabatire kapena yosungunula zitsulo, zovala zake za kuntchito zisalowe m'nyumba, zichapidwe pazokha, ndipo asambe asananyamule mwana. Mayi woyembekezera asayandikire ntchito yotere.

Batire la foni likatupa, lisiyeni kugwiritsa ntchito. Musaliboole, musalipinde ndipo musaliponye pamoto. Foni musaitchajire pansi pa pilo kapena pa bulangete.

Chenjerani kwambiri ndi timabatire tating'ono tozungulira ngati ndalama yachitsulo, topezeka m'mawotchi, m'zidole ndi m'timatochi ta pa makiyi. Mwana akameza kamodzi, kakhoza kuotcha kummero m'maola awiri okha. Musamusanzitse ndipo musadikire kuti muone ngati katuluke. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukauze adokotala chimene wameza.

Pomaliza, mwana wodya bwino thupi lake siliyamwa mtovu wambiri ngati la mwana wanjala kapena wochepa magazi. Kuno tili ndi mwayi wa mkaka wa ng'ombe zathu. Muwapatse ana mkaka, usipa, matemba, nyemba, bonongwe ndi chisoso, ndipo muwasambitse m'manja ndi sopo asanadye. Posesa m'nyumba yambani mwawaza madzi kuti fumbi lisauluke. Ngati pafupi ndi kwanu pali malo oswera mabatire ndipo mwana akudwaladwala mosadziwika bwino, mukanene zimenezi poyera kusikelo kapena kwa alangizi a zaumoyo, kuti aganizirenso za mtovu.

Mutu umodzi susenza denga

Chigubu cha mabatire otha chikadzadza, mudzafuna kopita nacho, ndipo apa ndi pamene tiyenera kugwirana manja. Nkhaniyi itengereni ku msonkhano wa amayi a mvano ndi magulu ena a kumpingo ndi kumzikiti, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kwa amfumu ndi kwa khansala wanu. Pemphani kuti khonsolo ya Thyolo, mogwirizana ndi ogulitsa mabatire ndi masola, ikonze malo amodzi pa msika wa Bvumbwe pamene anthu angamasiye mabatire otha kuti azitengedwa mosamala. Pemphaninso aphunzitsi kuti awauze ana kusukulu kuti batire si choseweretsa. Wogulitsa amene amva funso lomwelo kwa amayi khumi pa sabata imodzi amayamba kulifunira yankho.

Madzulo ano mukamayatsa tochi, yambani ndi chinthu chimodzi chaching'ono. Tumani ana azungulire nyumba, atole mabatire onse akale amene ali pabwalo, kuseri kwa khitchini ndi kunkhuti, muwaike m'chigubu, kenaka onse asambe m'manja ndi sopo. Mudzadabwa kuchuluka kwake.

Tilembereni kuti mwapeza angati, ndiponso zimene mwagwirizana m'magulu mwanu, kuti amayi a madera ena aphunzireko. Tidzakumananso pa tsamba lomwe lino sabata ya mawa.